Kupenta miyala: munthu woyamba kumene agule chiyani?

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene muli ndi manja aluso. Ndakhala ndikuona pa Facebook ndi pa TikTok anthu akupenta timiyala tosalala, ena maluwa, ena tinsomba, ena madontho okhaokha ozungulirazungulira. Zandikoka mtima. Ndikufuna ndiyambe, kungoti ndizipumitsa mutu ndikaweruka kuntchito, komanso mwana wangayu azisiyako foni. Ndigule chiyani? Mwala ndi uliwonse? Ndili ku Area 25.

Jay wa pa Ndirande: Anthu tikulira mtengo wa sopo, ena akufuna kudzoza miyala penti 😂 Amayi, mwalawo mukaupenta tidya?

Alinafe K: A Jay, inu maola amene mumathera pokangana za Bullets ndi Wanderers mumadyapo chiyani? Asiyeni amayi afunse.

Mayi a Tadala, musathamangire kushopu. Yambani mwapeza mwala, chifukwa mwala ukakhala woipa ngakhale penti yochokera kunja siikuthandizani. Wabwino ndi wa kumtsinje, umene madzi anaupera mpaka kusalala, wokwana m'chikhatho, wokhala ndi mbali imodzi yathyathyathya. Kwale uja amaswa m'mbali mwa msewu musiyeni, ndi wokhakhala, amadya bulashi ndipo mzere sungawongoke. Mukautola, upakeni ndi chala chachikulu. Ngati ukuyoyoka mchenga, tayani. Kenako dontheziranipo madzi pang'ono. Akalowa nthawi yomweyo, dziwani kuti mwalawo umwanso penti yanu chimodzimodzi. Akakhala kanthawi pamwamba asanalowe, umenewo tengani.

Mayi a Tadala: Zikomo achemwali. Ndiye ndikangofika nawo kunyumba ndiyambepo?

Alinafe K: Ayi, apa ndi pamene ambiri amafulumira. Tsukani ndi sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale, muchotse matope ndi ndere zonse, makamaka m'timing'alu. Mukatero yanikani padzuwa tsiku lathunthu, wa kumtsinje ngakhale masiku awiri. Kunja umaoneka wouma msanga koma mkati chinyezi chikadalipo, ndipo dzuwa likadzauwomba penti imatupa n'kumatuka. Chinanso: musaugwire mutangodzola Vaseline kapena mafuta ena. Pamene pagwira chala chamafuta penti imathawa, mungoona ikuchita timadontho m'malo moyala.

Penti yake funsani acrylic, m'mashopu ogulitsa mabuku ndi zolembera. Ndi yamadzi, siinunkha kwambiri, ndipo mukapaka mopyapyala imauma pa mphindi 15 kapena 20. Ikauma madzi sangaichotsenso. Musagule mitundu 24. Tengani isanu: yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi yabuluu. Yachikasu ndi yabuluu zimakupatsani yobiriwira, yofiira ndi yachikasu zimakupatsani ya olenji, yofiira ndi yoyera pinki. Yoyera ndiyo imatha msanga, ngati kuli botolo lalikulu tengani limenelo. Penti ya ana akusukulu ija youma m'timabokosi, yoviika ndi madzi, siigwira pamwala, mvula ikangowaza yapita.

Bambo Nkhoma Penta: Ndilowepo pang'ono, ine ntchito yanga ndi yopenta nyumba. Zimene anena achemwaliwa n'zoona, koma timachubu ta acrylic timakwera mtengo kwa munthu amene akungoyesa. Penti ya PVA, yamadzi ija yopaka makoma, yotsala pansi pa ndowa, imene mabwana amatiuza kuti tikataye, ndi yabwino kwambiri poyala pansi. Makamaka yopaka kunja kwa nyumba, chifukwa yambiri mwa iyo ndi ya acrylic yomweyo. Pakani yoyera kawiri, koyamba mopyapyala, iume, kachiwiri. Mwala wakuda mukaupaka yachikasu mwachindunji imazimirira, mudzabwereza kambirimbiri osaoneka. Koma pamwamba pa yoyera imawala mukangopaka kamodzi kokha. Funsani wopenta wa m'dera lanu akuthirireni m'kabotolo, sangakukanizeni.

Imene ndikukuletsani ndi gloss, penti yamafuta ija ya pazitseko ndi mawindo. Imafuna usiku wonse kuti iume, bulashi muyenera kutsuka ndi thinners, ndipo ina, makamaka yachikasu ndi yofiira, imakhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa ana. Popeza mukuti muzipenta ndi mwana, gloss isayandikire.

Mayi a Tadala: Abambo mwandithandiza, kuseri kwa nyumba kuli ndowa ya PVA imene inatsala chaka chatha. Nanga mabulashi?

Bambo Nkhoma Penta: Ngati siinawume n'kuchita chikopa, vundulani bwino mugwiritse. Ikanunkha ngati yowola ndiye yaonongeka. Bulashi atatu akwana: wotambalala woyalira, wapakati, ndi wosongoka wa mizere. Mukangomaliza m'tsukeni nthawi yomweyo. Acrylic ikaumira m'bulashi ndiye maliro ake, palibe chimene mungachite. Ndipo musamusiye ataimirira m'kapu ya madzi, ubweya umapindika.

Thoko_BT: Madontho aja mukunenawa safunanso bulashi. Ine ndimagwiritsa kamtengo ka machesi, chotokosera m'mano, mutu wa msomali ndi kumbuyo kwa pensulo. Chilichonse chimapereka dontho la kukula kwake. Penti muisungunule ndi madzi pang'ono chabe, izidontha mochedwa kuchoka pakamtengo. Ikalimba dontho limatuluka ndi kansonga pamwamba, ikachuluka madzi limayenderera. Yambani ndi dontho limodzi lalikulu pakati penipeni. Kenako anayi ang'ono, pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere, ndiye mudzaze pakati pawo. Mukayamba kungozungulira osaika anayiwo, pomaliza mupeza malo akuchepa kapena atsala. Ndipo mukaviika kamodzi n'kudinda kangapo osabwereranso m'penti, madontho amanka nachepa okha, ndi mmene amapangira timichira tija tokongola.

Dzanja likamanjenjemera, tsamiritsani kachala kakang'ono patebulo, ndipo muzitembenuza mwala, osati dzanja.

Chikondi (Leeds): Ndafika mochedwa koma nkhaniyi ndi yanga 🙌 Kuno ku UK zimenezi zili paliponse. Amene anazitchukitsa ndi mayi wina wa ku America, Megan Murphy, amene mu 2015 anayamba kulemba mawu olimbikitsa pa timiyala n'kumatisiya m'mphepete mwa nyanja ku Cape Cod kuti odutsa atole. Anaitcha The Kindness Rocks Project. Kuchokera apo magulu a pa Facebook anabuka m'matauni ambiri: upenta mwala, kumbuyo ulemba dzina la gulu, ukaubisa kupaki, woupeza ajambula chithunzi n'kuika pagulu, kenako akaubisanso kwina. Nthawi ya Covid mu 2020 ana ankandandalika miyala yopenta m'mbali mwa tinjira mpaka kupanga njoka yaitali, aliyense kuwonjezera wake.

Ambiri kuno amagwiritsa zolembera za Posca, za kampani ya ku Japan ya Mitsubishi Pencil. M'kati mwake muli penti yamadzi, ndiye umalemba pamwala ngati ukulemba m'kope. Kwa mizere yopyapyala ndi mawu n'zosavuta kuposa bulashi. Koma sindinganene kuti muyambe ndi zimenezo, n'zodula ngakhale kuno.

Jay wa pa Ndirande: Sisi Chikondi dikirani kaye. Mukuti munthu apente mwala madontho ofiira ndi akuda, akausiye pamphambano m'mamawa? Kuno? Mukufuna mayi a Tadala akaitanidwe kwa amfumu 😂😂

NaPhiri: Jay akuseka koma wanena zoona. Mwala wolembedwalembedwa ukapezeka pakhomo pa munthu, palibe amene angaganize za chikondi. Aitana abusa adzaupempherere, kapena authira mchere n'kukautaya kuchimbudzi. Ndipo mwana wanga akabwera ndi chinthu chotere chotola panjira, ndimulanda.

Chikondi (Leeds): Koma anti, ukalembapo mawu omveka ngati "Mulungu akukonda" kapena "Usataye mtima", munthu angaope chiyani?

NaPhiri: Mwana wanga, wakhalitsa kunja. Amene amatchera anzawo salemba kuti "uwu ndi msampha". Anthu adzati mawu abwinowo ndiye nyambo yake. Sindikuti ine ndimakhulupirira zimenezo, ndikunena mmene timakhalira m'makomo muno. Ndipo tisaiwale kuti nkhani zokayikirana ufiti kuno zimafika pomenya anthu, makamaka okalamba. Si zoseweretsa.

Alinafe K: Ine ndili mbali ya a NaPhiri. Zobisa miyalazi zisiyeni komweko. Kuno mwala muzipereka pamanja, munthu adziwe kuti wachokera kwa ndani. Wina mumuikira pa desiki kuti mapepala asauluke, wina wotsekerezera chitseko, wina m'dimba la maluwa wolembedwa dzina la mbewu. Ngati n'zobisa, zichitikire mkati mwa mpanda wa sukulu kapena pa Sande sukulu, aphunzitsi atalengeza kaye.

Madam Gondwe: Ngati mphunzitsi wa Sitandade 1, ndikuuzeni kuti miyala ife tinayamba kale, kungoti sitinkaipenta. Ana amabwera nayo yowerengera masamu. Chaka chino ndinalemba a, e, i, o, u ndi maphatikizo monga ba, ma, ta, mwala uliwonse lake, ana n'kumailumikiza kupanga mawu. Makadi a pepala amang'ambika sabata imodzi, chiswe chimadya, koma mwala uli pompo. Chenjezo lokha: kwa ana aang'ono osakwana zaka zitatu musawapatse timiyala tokwana m'kamwa. Ndipo m'kalasi muziwerenga miyala yanu potuluka, chifukwa anyamata ena amaona zipolopolo za legeni.

Mayi a Tadala: 😂 Madam mwandiseketsa. Chabwino, zobisa ndazisiya. Tsono miyala yosalalayo ndikaipeze kuti? Mwezi wamawa tikupita ku Cape Maclear, ndimaganiza zodzadza thumba kumeneko.

Mwale wa ku Monkey Bay: Amayi, thumbalo lisiyeni kunyumba. Malo ambiri ozungulira Cape Maclear, zilumba zake ndi madzi oyandikana ndi gombe lake, ali mkati mwa Lake Malawi National Park, imene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. M'paki simutola kanthu, kaya chomera, kaya mwala. Ndipo miyala ya m'madzimo ili ndi eni ake. Mbuna, tinsomba tamitundumitundu tija alendo amabwera kudzaona, timakhala m'miyala, timabisala m'mipata yake ndipo timadya ndere zomera pamwamba pake. Munthu mmodzi kutola iwiri sizioneka, koma aliyense wobwera pa Khirisimasi akanyamula thumba?

Komanso mukamatola m'mitsinje, pewani kulowa m'madzi odekha a m'mabango, ndimo mumakhala nkhono za likodzo. Tolani ya pamtunda, pamchenga wouma, nthawi ya chilimwe madzi ataphwa.

Chikondi (Leeds): Ngakhale kuno n'chimodzimodzi. Pali lamulo la 1949, Coast Protection Act, limene makhonsolo amagwiritsa ntchito poletsa kutenga miyala m'magombe, chifukwa miyalayo ndi imene imatchinjiriza gombe kuti mafunde asalikokolole. Ambiri amangogula m'matumba ku mashopu a zam'dimba.

Bambo Nkhoma Penta: Mayi a Tadala, musavutike kupita kutali. Pitani pamene akumanga nyumba. Mchenga wa kumtsinje akamausefa, pasefa pamatsala mulu wa miyala yosalala imene amisiri alibe nayo ntchito. Pemphani kapitawo, akupatsani.

Thoko_BT: Apa abambo mwaulula chinsinsi changa 🙈

Aphunzitsi Opuma (Dedza): Ndakhala chete ndikuwerenga, ndipo ndakondwa. Koma ndamva ana anga mukunena ngati luso lojambula pamwala labwera ndi mayi wa ku America mu 2015. Bwerani kwathu kuno mudzaone. Ku Chongoni, m'mapiri a Dedza, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pa matanthwe, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Otchuka ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale zedi, za Akafula, amene ena amati Abatwa, anthu osaka nyama amene Achewa anawapeza. Iwo ankajambula mizere, zozungulira, madontho, pogwiritsa dothi lofiira lopera. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, ankapaka ndi zala dothi loyera. Zina ndi nyama zotambasula miyendo, ngati ukuziona uli pamwamba, ndipo zinkagwira ntchito pa chinamwali polangiza atsikana. Ku Namzeze mukaona zokhudza nyau. Zina mwa zoyerazi zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu, si zonse za kalekale.

Chimene chimandipweteka n'chakuti malo ena anthu analembapo mayina awo ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambula za makolo. Ndiye popeza gulu lino layamba kugula penti, ndinene poyera: bulashi yanu isakafike pa thanthwe lililonse la m'phiri. Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo, komanso ngakhale likanapanda kukhalapo, ndi mwano. Pentani mwala umene mungaunyamule m'manja. Mukapita ku Chongoni, pitani ndi kope ndi pensulo, ndipo musagwire kapena kuthira madzi pa zojambulazo kuti ziwale pa chithunzi, zimenezo zimazifufuta.

Alinafe K: Zikomo aphunzitsi. Ndifunse: kukopera zojambula za ku Chongoni pa timiyala tathu n'kulakwa? Ndimaona kuti zozungulira zofiira zija zingakongole pamwala wotuwa.

Aphunzitsi Opuma (Dedza): Zofiirazo ine sindikuonapo vuto, bola muzinena kumene mwazitenga. Za chinamwali ndi za nyau ndiye funsani kaye eni mwambo. Si chilichonse chimene diso laona chimene chiyenera kukakhala pa tebulo la pabalaza.

NaPhiri: Apo ndiye mwanena, aphunzitsi.

Thoko_BT: Koma funso langa ndi ili: iwo analibe vanishi wopaka pamwamba kuti ateteze penti, zojambula zawo zakhala zaka mazanamazana. Ife ndi acrylic wathu mwala ukakhala panja dzinja limodzi wasuluka. Bwanji?

Aphunzitsi Opuma (Dedza): Ankasankha malo. Zambiri mudzazipeza pansi pa matanthwe otchinga, pamene mvula siifika ndipo dzuwa siliwomba tsiku lonse. Komanso dothi lofiira lija mtundu wake umachokera ku chitsulo cha m'nthaka, dzuwa silichisulutsa, ndipo m'kupita kwa nthawi chimalowerera m'thanthwe momwemo. Zoyera zimangokhala pamwamba, n'chifukwa chake zimayoyoka msanga kuposa zofiira ngakhale zili zatsopano.

Jay wa pa Ndirande: Chabwino ndagonja, nkhani yake ndi yaikulu. Koma tinene za ndalama. Azungu obwera kunyanja angagule? Ndikufunsira mnzanga.

Mwale wa ku Monkey Bay: "Mnzanga" 😂 Achimwene, alendo amayenda ndi chikwama choyezedwa pa sikelo ku eyapoti. Amasankha chitenje, mikanda, kapena chosema chopepuka. Mwala angatenge kakang'ono kamodzi kokwana m'thumba la buluku, kojambulidwa mbuna kapena nkhwazi. Msika weniweni ine ndimauona kwa anthu a kuno konkuno: manambala a matebulo pa ukwati, mayina a maluwa ku nazale, nambala ya nyumba pageti.

Alinafe K: Ndipo a Jay, musayambe ndi mtengo musanagwire bulashi. Chinthu chilichonse kuno tikangochiona timafuna chisanduke geni tsiku lomwelo. Mayi a Tadala anati akufuna kupumitsa mutu. Akayamba kulandira maoda a ukwati, miyala 40 yofanana pofika Lachisanu, mutuwo upuma nthawi yanji?

Jay wa pa Ndirande: Upuma Loweruka ndalama zikalowa.

Mayi a Tadala: Ndabweranso abale. Tinatsata malangizo anu, miyala tinapeza pamene akumanga tchalitchi kufupi ndi kwathu. Ine ndapanga wa madontho, Tadala wapenta kachikumbu kofiira ka madontho akuda, maso ake amodzi aakulu ena aang'ono koma sakulola kuti ndikonze. Kumbuyo ndalemba dzina lake ndi maka wakuda uja wosafufutika. Ndagula vanishi wopopera. Ndipopere lero?

Thoko_BT: Imani kaye! Maka ameneyo ndi vanishi wopopera sizigwirizana. Mankhwala a mu vanishi amasungunula inki, dzinalo liyenderera n'kusanduka chibuluu. Tengani guluu woyera wa matabwa, musakanize ndi madzi pang'ono, mupake kamodzi mopepuka pamwamba pa zolembazo, osabwerezabwereza bulashi. Poyamba aoneka ngati mkaka, akauma aoneka mbee. Mukatero ndiye mupopere.

Madam Gondwe: Guluuyo payekha sangakwane? Ine ndi amene ndimagwiritsa m'kalasi.

Thoko_BT: Kwa miyala ya m'nyumba akwana. Panja ayi, akanyowa amayeranso n'kuyamba kumata. Ena amapaka kyutekisi wopanda mtundu, pa kamwala kakang'ono amagwira, koma pakapita nthawi amachita chikasu, ndipo nayenso amasungunula maka.

Bambo Nkhoma Penta: Lero musapopere amayi. Acrylic kuuma pamwamba si kukhwima, ipatseni maola 24 kapena kuposa. Mawa, ngati kunja kuli dzuwa, tulutsani miyalayo panja pa katoni, mwana akhale kutali, inu mphepo ikhale kumsana kwanu. Khutchumulani chitinicho mpaka kampira ka m'kati kazimveka bwino. Imani patali masentimita 25 kapena 30, dzanja liziyenda, osaima pamalo amodzi. Koyamba kungowaza pang'ono chabe, mudikire ziume, mubwereze kawiri. Mukathira wambiri kamodzi vanishi amatsetsereka n'kuumira m'mbali. Kukakhala mitambo kapena chinyezi cha mvula dikirani tsiku lina, apo ayi atuwa ngati nkhungu. Pansi pa mwala mupopere pakatha tsiku, mutautembenuza, chifukwa mukachita zonse nthawi imodzi umamatirira ku katoni.

Mayi a Tadala: Pachitinipo alemba gloss. Si yomwe munaletsa ija?

Bambo Nkhoma Penta: Ayi, apo akungotanthauza kuti ndi wonyezimira. Amene alemba matt sanyezimira. Pa madontho anuwo wonyezimira ndiye wabwino. Mukamaliza, tembenuzani chitini mutu pansi mupopere kamphindi mpaka muzituluka mpweya wokha, kuti kabowo kasatsekeke.

Jay wa pa Ndirande: Bambo Nkhoma, PVA yotsalayo muli nayo yofiira? Ya mnzanga uja.

Bambo Nkhoma Penta: Ndili ndi yoyera ndi ya kirimu basi. Yofiira akagule yekha.